Wapansi Kukwera Golodi

Chaka chatha bambo athu aang'ono, amene agwira ntchito ya muofesi kwa zaka zambiri, adauzidwa kuchipatala kuti magazi awo akuthamanga kwambiri ndipo shuga nayenso wayamba kukwera. Adalandira mankhwala, koma dokotala adaonjezapo mawu amene adatiseketsa tonse pakhomo: "Bambo, muziyenda." Tidaseka chifukwa iwowa ndi munthu woti ngakhale buledi wa pagolosale yapafupi amakagula pagalimoto.

Kusekako sikudakhalitse, pakuti tonse tidakumbukira kuti akulu awo, bambo athu otibereka, adatisiya ndi matenda omwewa. Choncho tidagwirizana zomawaperekeza madzulo aliwonse. Sabata yoyamba adangokwanitsa mphindi 10, kenaka 20, mpaka adafika pa mphindi 30 masiku asanu pasabata. Zimenezi zikugwirizana ndi malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, akuti munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pasabata. Patatha miyezi isanu, eni ake ndiwo adati, "Ana inu, tiyeni tikayese miyendoyi ku Golodi."

Owerenga athu amene simudafikeko ku Rumphi, Golodi ndi msewu wafumbi ndi miyala umene umapatuka mu msewu wa M1 pa Chitimba, m'mphepete mwa nyanja, n'kukwera phiri mpaka ku Livingstonia. Kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 15, uli ndi makona akuthwa 20, ndipo munthu akamafika pamwamba amakhala atakwera mamita oposa 700 kuchokera kunyanja. Dokotala atavomereza, tidapita kukagona pa Chitimba m'mwezi wa Julaye, nthawi yozizira, ndipo tidayamba ulendo m'bandakucha pothawa dzuwa la kunyanja.

Makona oyambirira tidawadutsa ndi nthabwala, ana akupikisana kuwerenga. Pofika pa kona yachisanu ndi chiwiri nthabwala zidatha. Bambo aang'ono adakhala pamwala, thukuta lili kamukamu, ndipo ife mitima idali m'mwamba. Kodi tawalakwira? Tidawapatsa madzi ndi nthochi n'kuwadikira. Apa ndi pamene adatipeza mayi wina wachikulire, dengu la usipa lili pamutu, akuchokera kunyanja kumene tidachokera ifeko. "Monire mose!" adatipatsa moni m'Chitumbuka. Atawayang'ana bambo aja adangoti, "Pachoko pachoko, adada," n'kulowa kanjira kachidule kodula makona, kotsetsereka koti ife sitikadayerekeza. Bambo aang'ono adaseka, nadzuka. "Mayi uja ndi wamkulu kwa ine," adatero, "ndipo sapuma n'komwe."

Kuyambira pamenepo tidasiya kulimbana ndi phiri. Tidayenda monga adanenera mayi uja, kupuma pa makona awiri alionse, ndipo ulendo udayamba kukoma. Pagalimoto munthu amangogwiritsa mpando ndi mantha, maso ali kuphompho. Wapansi tidaona zambiri: anyani akuthamangitsana m'mitengo ya mombo ndi misuku, mabwato a asodzi akubwerera kumtunda, ndi nkhungu zikufuka pakati pa nyanja ngati utsi wa lupsa. Kutsidya, mapiri a dziko la Tanzania amaoneka mwa apo ndi apo. Kona iliyonse nyanja imakulirakulira ndipo mphepo imazizirirapo. Zoonadi kuona maso a nkhono n'kudekha.

China chimene sitidachiyembekezere ndi macheza. Mafoni adali m'matumba, wailesi kudalibe. Bambo aang'ono adayamba kutisimbira za ubwana wawo, momwe iwo ndi malemu bambo athu ankayendera mtunda wautali kupita kusukulu, chinangwa chootcha chili m'thumba. Nkhani zimenezi tidali tisanazimvepo, chonsecho takhala nawo mpanda umodzi zaka zonsezi.

Makona atatha, njira idayamba kugona ndipo tidamva mkokomo wa madzi. Awa ndi mathithi a Manchewe, amene madzi ake amagwa mamita pafupifupi 125 kulowa m'chigwa chodzaza ndi mitengo. Mnyamata wina wa komweko adatitsogolera kuphanga la kuseri kwa madziwo, kumene Aphoka ankabisala pothawa nkhondo za Angoni. Tidadya kamba wathu pamenepo, mapazi tili titaviika mumtsinje.

Kuchokera pa Manchewe kudatsala makilomita ngati anayi kuti tifike pa Khondowe, pamene Dr Robert Laws adakhazikitsa mishoni ya Livingstonia m'chaka cha 1894, malungo atawasautsa ku Cape Maclear ndi ku Bandawe. Nyumba yake yamiyala, Stone House, yomangidwa mu 1903, lero ndi malo osungirako zinthu zakale. Masiku amenewo anyamata ofuna maphunziro ankafika pano wapansi, ena atayenda masiku ambiri. Ife tidatenga maola asanu ndi limodzi, ndipo bambo aang'ono adalowa pa Khondowe ali patsogolo.

Pobwerera tidakwera matola, chifukwa kutsika phiri kumapweteketsa maondo kuposa kukwera. Amene mungafune kuyesa, lawirirani m'mamawa, valani nsapato zozolowera mapazi, nyamulani madzi okwanira ndi chipewa, ndipo pewani nyengo yamvula pamene msewuwu umaterera. Odwala mtima, shuga kapena kuthamanga kwa magazi ayambe afunsa kuchipatala, anyamule mankhwala awo ndi kachakudya kapanjira.

Koma tisanamizane, abale ndi alongo: chimene chidawathandiza bambo athu si tsiku limodzi la ku Golodi ayi, koma mphindi 30 zija za madzulo aliwonse. Kuyenda kumalimbitsa mtima, kumathandiza thupi kugwiritsa ntchito shuga, kumachepetsa kunenepa ndiponso kumabweretsa tulo tabwino. Mankhwala sadasiye, ndipo sitikulangiza aliyense kusiya, koma ulendo wapitawu dokotala adakondwa ndi zimene adapeza atawayeza.

Anthu a ku Khondowe sayenda pofuna kulimbitsa thupi. Umenewo ndi moyo wawo, ndipo nthawi zambiri ndi wowawa. Ife a m'tauni ndi amene tataya chinthu chaulere chimenechi, mpaka kukwera kabaza kupita pamsika woonekera pakhomo. Simufunika phiri kuti muyambe. Tsikani minibasi siteji imodzi musanafike kwanu, kazondeni achibale wapansi, tengani amayi akunyumba ndi ana muzungulire dera lanu dzuwa likapepa. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Bambo aang'ono tsopano akuti chaka chamawa tikayende ku Nyika. Ife tayamba kale kukonza nsapato.