Mbalame Yotchedwa Dzina la Kwathu

Adzukulu anga, akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu ndidaumvetsa bwino tsiku lomwe mlendo wina, atakoleka zoonera patali m'khosi, adaima pakhomo pa sukulu yomwe ndinkayang'anira nandifunsa komwe angaone Thyolo alethe. Ine, mwana wobadwira m'minda ya tiyi, ndidangoti kakasi.

Kambalameka n'kocheperapo kuyerekeza ndi njiwa. Msana wake ndi wofiirira, kukhosi ndi kumimba n'koyera, ndipo nsonga za nthenga za kuchipsepse zili ndi mawanga oyera. Mu 1927 katswiri wa mbalame wa ku London, William Sclater, adakapatsa dzina la Chilatini lakuti choloensis, ndiye kuti "ka ku Cholo", monga momwe atsamunda ankalembera dzina la boma lathu. Mwa mwambo wathu, wopatsidwa dzina la kwanu ndi mbale wanu. Tsono taonani, akunja ankamudziwa mbale wathuyu ife eni ake tili m'tulo.

Chidandigometsa ndi kadyedwe kake. Inu mukudziwa kuti linthumbu likalowa m'mudzi timathamangira phulusa n'kuwaza kuzungulira nyumba ndi khola la nkhuku. Koma kwa mbalameyi linthumbu ndi alenje ake. Likamayenda pansi pa nkhalango, tizilombo tobisala m'masamba ouma timathawa balalabalala, ndipo iyo imatera pakanthambi kam'munsi n'kumangotola. Mdani wa agogo anu aakazi ndiye amaipatsa chakudya!

Siikhala m'tiyi, m'bulugama kapena m'chimanga ayi. Imafuna nkhalango yachilengedwe ya m'mapiri, yamthunzi ndi yachinyezi, monga ya ku Thyolo ndi Mulanje kuno kwathu, ndi ya ku Namuli, Chiperone ndi Mabu ku Mozambique. Nkhalango zimenezi zili ngati zilumba, minda yathu ndiyo nyanja yake. N'chifukwa chake tsoka lake likufanana ndi la mbalame za pazilumba zenizeni, monga dodo wa ku Mauritius amene adatheratu chisanafike chaka cha 1700: kwanu kukapsa, kothawira kulibe.

Nkhalango ya paphiri la Thyolo idagwa tikuona, makamaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000. Sindidzudzula osauka amene adakwera ndi nkhwangwa ndi makasu, pakuti kuno malo olima adachepa kalekale, gawo lalikulu lili pansi pa tiyi. Koma ndiulule zanga. Pomanga zipinda ziwiri zophunziriramo, ndine ndidalipira nkhuni zootchera njerwa, ndipo ndidaona ndithu kuti zipika zake sizidali za bulugama. Sindidafunse kanthu. Ana adapeza pophunzirira, inde, koma chikumbumtima chimandilasabe.

Chodabwitsa n'chakuti timagawo ta nkhalango tomwe tidapulumuka tili m'maesiteti momwemo, monga ku Satemwa, komwe alonda amaletsa nkhwangwa. Ku Mabu nako kudachokera uthenga wotonthoza: asayansi adaona nkhalango yake pa Google Earth mu 2005, ndipo atapitako adaipezako mbalameyi.

Mukabwera pa tchuthi, tidzalawirira m'mamawa kukafuna mzere wa linthumbu. Mudzavale nsapato zotseka, ndipo miyendo ya buluku mudzailowetse m'masokosi.