Envulopu Yanga ndi Chidebe cha Madzi

Lero ndabwera ndi chivomerezo.

Achinyamata a mumpingo mwathu kuno ku Area 47 akukonzekera ulendo wa ku Chongoni, m'boma la Dedza, kumalo a maphunziro a Namoni Katengeza a Sinodi yathu ya Nkhoma. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa basi ndi wa chakudya wakwera kwambiri, ndipo ana ambiri, makamaka a kwa anansi athu ku Mtandire, akanatsala. Choncho makolo tinagwirizana kuti Loweruka lina amayi a Chigwirizano akazinge mandasi ndi zitumbuwa, abambo aotche nyama, ena atsuke magalimoto pabwalo la tchalitchi.

Ine ndinachita monga ndazolowera. Ndinaika K20,000 mu envulopu, ndinapereka kwa msungichuma, mtima n'kukhala m'malo. Potuluka ndinakumana ndi mayi wina wamasiye, wogulitsa tomato. Anagwira m'mawondo mwaulemu nati: "Bambo mkulu wa mpingo, ndalama zija tamva, Ambuye akudalitseni. Koma chidebe chikusowa wonyamula."

Kunena zoona, mawuwo anandiwawa. Zaka 34 ndinagwira ntchito m'boma, zambiri mwa izo ku Capital Hill, kumene ngakhale failo ankandinyamulira ndi mesenjala. Lero ndikanyamule chidebe pamaso pa ana?

Usiku umenewo ndinatsegula Buku Lopatulika pa Nehemiya mutu 3, mutu umene ambirife timaulumpha chifukwa cha kuchuluka kwa maina. Pomanganso linga la Yerusalemu panali ansembe, osula golide, opanga zonunkhira, ndiponso Salumu, wolamulira theka la dera la Yerusalemu, amene anagwira ntchito pamodzi ndi ana ake aakazi. Koma vesi 5 inandilasa. Anthu wamba a ku Tekowa anamanga gawo lawo, pamene akuluakulu awo anakana kuweramira ntchitoyo. Maina awo sanalembedwe n'komwe. Chimene chinatsala m'buku ndi kukana kwawo kokha. Ndinadzizindikira pakati pawo.

Loweruka ndinapita, nditavala malaya akale. Anandiphatikiza ndi mnyamata wa Fomu 3, amene anandiphunzitsa kufinya nsanza kuti isasiye mizere pagalasi. Titatsuka galimoto yachitatu, manyazi anamuchoka, nayamba kucheza nane. Anati amayimba tenala m'kwaya, ndipo bambo ake amamulipirira zonse, koma sanabwerepo kudzamumva akuyimba. Ananena mopanda mkwiyo, ngati akunena za nyengo.

Manja anga anaima. Mwana wanga woyamba nayenso ankayimba m'kwaya. Yunifolomu ndinamugulira, ya mayendedwe ndinkamupatsa, koma tsiku la mpikisano wa makwaya linkandipeza ndili kumsonkhano wa ntchito ku Salima kapena ku Mangochi. Lero ali ku Johannesburg. Amaimba foni pakutha pa mwezi, ndipo funso lake ndi limodzi: "Bambo, ndalama ija mwalandira?" Ndakhala ndikudandaula kuti mwanayu alibe nkhani ndi ine. Loweruka lija ndinazindikira kuti akundiyankhula m'chinenero chimene ndinamuphunzitsa ndekha, cha envulopu.

Musandimve molakwa, abale. Ndalama ikufunika, pakuti basi siiyendera mapemphero okha. Amene muli kutali, amene thupi lakana, tumizani ndithu. Koma ife amene miyendo idakali yolimba, tisagule ufulu wokhala kunyumba. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mwana amene waona bambo ake atanyowa thalauzi chifukwa cha ulendo wake wa ku Chongoni adzakumbukira chimenecho zaka zambiri ulaliki wathu utaiwalika.

Ndalama ya basi sinakwanebe, choncho Loweruka likudzali tikhalanso pabwalo la tchalitchi kuyambira 7 koloko m'mawa. Abambo anzanga opuma pantchito, bwerani ndi zidebe ndi nsanza. Msana udzawawa, ndine mboni, koma sudzathyoka.

Dzulo ndinamuimbira mwana wanga, mwezi usanathe. Anadzidzimuka, nafunsa ngati kwagwa zovuta. Ndinati ayi, ndimangofuna kudziwa ngati amayimbabe. Anakhala chete kanthawi, kenaka anaseka, nati masiku ano amayimbira m'galimoto mokha. Tinacheza ola lathunthu. Mutipempherere, pakuti zambiri zikadali zoti tikambirane.

Ambuye akusungeni nonse. Amen.