Mankhwala a pagalasi ndi msewu wa ku Fort Lister

Ogulitsa mankhwala opaka pagalasi la galimoto, monga Rain-X, sanama akamati madzi sakakamira. Galasi wamba limakoka madzi, n'chifukwa chake mvula imayala ponseponse n'kutchinga maso. Mankhwalawa ali ndi silikoni amene amamatirira pagalasi n'kusiya kachikuto kopyapyala kosaoneka ndi maso. Madzi akagwapo amakokana okhaokha n'kupanga timadontho tozungulira, monga amachitira pa tsamba la koko. Koma timadonthoto sitichoka tokha. Imatichotsa ndi mphepo, ndipo mphepo yokwanira imabwera galimoto ikafika liwiro la makilomita pafupifupi 60 pa ola.

Apa ndi pamene ndikuona kuti woyenda pampata wa Fort Lister, pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, akungotaya ndalama akagula mankhwalawa. Msewuwo ndi wadothi, wachitunda, wamiyala, ndipo nthawi ya dzinja palibe dalaivala wanzeru amene angathamange choncho. Chimene chimathovukira pagalasi kumeneko ndi matope, ndiye waipa ikamakolopa mchenga wa m'matopewo imapala kachikuto kaja msangamsanga. Wina anganene kuti galimoto yomweyo imayendanso pa tala wochokera ku Phalombe kupita ku Limbe, kumene liwiro limatheka. N'zoona, kumeneko mankhwalawa amathandiza ndithu. Koma ngati thumba likulola chinthu chimodzi chokha, labala watsopano wa mawaipa ndi madzi oyera m'kathanki kotsukira galasi zimagwira ntchito ngakhale galimoto ikukwawa pa giya yoyamba.