Bwinja la pa esiteti lili ndi mwini

Loweruka anzanga akamapita ku mpira, ine ndimakwera minibasi ku Limbe kupita ku Thyolo kukaona mabwinja a m'minda ya tiyi: nyumba zakale za mabwana, malaini a antchito omwe denga lidagwa, mashedi omwe tsopano mukugona mileme. Ndimajambula zithunzi ndi kulemba zomwe ndamva.

Nyumba zina zidachita mwayi. Pa Satemwa, esiteti yomwe Maclean Kay adayambitsa mu 1923, nyumba ya Huntingdon idasamalidwa ndipo lero mumagona alendo. Zina zangotsala zipupa, mitengo itamera pabalaza. Koma ngakhale khomo litakhala pululu, malowo ali ndi mwini, ndipo wolowa mozemba sasiyana ndi wakuba malata.

Ndimayambira ku ofesi ya esiteti, nditanyamula chitupa cha unzika ndi kalata yofotokoza chomwe ndadzera. Ena amavomera, ena amakana. Akakana ndimabwerera, sindifunafuna njira yachidule m'makhwawa.

Kenaka ndimakaonekera kwa amfumu a mudzi woyandikana ndi malowo. Ku Thyolo nkhani ya malo ndi chilonda. Agogo athu adagwira thangata kuti akhale pa nthaka yomwe azungu ankati ndi yawo, mu 1953 kudabuka zipolowe, ndipo mu 2016 gulu la a Vincent Wandale lidafuna kulanda malo a esiteti ya Conforzi. Mlendo wozungulira ndi kamera amadzutsa mafunso: akuyeza malo kodi? Watumidwa ndi yani? Tisaiwalenso kuti mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu m'chigawo chino. Amfumu akakudziwa, nkhope yako siikhalanso yachilendo. Paja safunsa adadya phula.

Kiyi weniweni amakhala ndi mlonda kapena gogo yemwe adapuma ntchito yothyola tiyi. Iyeyo ndiye amakuuza thabwa lomwe lidaola, pomwe pali njuchi, ndi nkhalango yomwe ndi manda, yosalowamo chisawawa. Gogo wina adandilozera khonde n'kunena kuti, "Mwanawe, apa ndi pomwe tinkafola podikira malipiro." Ndikadalowa ndekha ndikadangoona simenti yong'aluka. Ndimamuthokoza ndi kangachepe, ndipo sinditola kanthu, ngakhale msomali.

Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti njerwa zikugumuka pomwe odziwa mbiri yake nawonso akutha. Eni maesiteti ndi nthambi ya boma yosunga zinthu zakale atagwirizana, akhoza kulemba mndandanda wa nyumbazi ndi kukhazikitsa masiku oti ana asukulu azikaziona, agogowa akadali moyo kuti aziwafotokozera. Tiyi wa ku Thyolo amamwedwa mpaka ku London, koma mwana wa ku Luchenza sadziwa chipinda chomwe agogo ake ankagonamo akaweruka kumunda.