Mtambo umene kompyuta siuona

Ntchito yanga ndi yolosera zanyengo. Ndisanalembe uthenga wopita ku wailesi ndimayamba ndaona mapu ochokera ku mamodelo akuluakulu, monga ya ECMWF ya ku Ulaya ndi GFS ya ku America. Ambiri amaganiza kuti makompyuta amenewa amaona mitambo ikubwera, koma sizili choncho.

Modelo imadula mlengalenga m'mabokosi, ndipo bokosi lililonse limasunga nambala imodzi ya kutentha, ina ya chinyezi, ina ya mphepo. Bokosi la ECMWF ndi la makilomita pafupifupi 9 mbali iliyonse. M'mamodelo oona za kusintha kwa nyengo pa zaka zambiri, bokosi limafika makilomita 100. Pomwe mpweya wotentha umene umakwera n'kubala mtambo wa mabingu sutambalala kuposa makilomita ochepa chabe, ndipo timadontho ta mumtambomo n'tating'ono zedi moti pamafunika pafupifupi miliyoni imodzi kuti dontho limodzi la mvula lipangike. Zonsezi zimachitika m'kati mwa bokosi, m'mene kompyuta ilibe maso.

Ndiye akatswiri analemba malamulo a masamu oti aimire mtambowo, amene timawatcha parameterization. Akio Arakawa ndi Wayne Schubert anatulutsa njira yawo mu 1974, ndipo ambiri adakatsatabe mapazi awo. Lamulo limafunsa kuti, kodi mpweya wapansi watentha ndi kunyowa mokwanira kuti ukwere? Likapeza kuti inde, limachotsa chinyezi n'kuchigwetsa ngati mvula pa bokosi lonse. Zili ngati kumwaza ndowa ya madzi pa dimba lonse pamene madziwo anayenera kukhuthukira pa bedi limodzi.

Apa m'pamene pagona ntchito yanga. Mamodelo ambiri amagwetsa mvula msanga, dzuwa lili paliwombo, pamene mvula yathu ya mabingu imakonda kugwa chakumadzulo. Amakondanso mvula yowaza tsiku ndi tsiku m'malo mwa chimvula cha ola limodzi chodzaza mitsinje. Phiri la Mulanje nalo amalichepetsa. Nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002, koma m'bokosi msinkhu wa phiri umasakanizidwa ndi wa zigwa zozungulira. Mphepo yachinyezi yochokera kunyanja ya Indian ikamawomba m'miyezi yozizira, ineyo ndimabwezera phirilo pamalo pake m'mutu mwanga, n'kuwonjezera chiperoni ku Mulanje ndi Thyolo.

Namondwe wamkulu savuta kumutsata chifukwa amadzaza mabokosi ambirimbiri. Njira ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 inkaoneka patatsala masiku. Koma kuloza phiri limene lidzalandire madzi ochuluka mpaka kugumukira nyumba za anthu, monga zinachitikira ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, n'kovuta kwambiri, ndipo mpaka lero zimandiwawa mumtima.

Mabokosi akachepa zinthu zimasintha. A Met Office a ku Britain anayendetsa modelo ya CP4-Africa ya makilomita 4.5, yosagwiritsa ntchito lamulo lija, mitambo n'kumadzipangikira yokha. Mvula inayamba kugwa pa nthawi yoyandikira yeniyeni, ndipo zotsatira za mu 2019 zinaonetsa kuti mtsogolomu mvula yamphamvu idzakula kuposa m'mene mamodelo a mabokosi aakulu ankanenera. Kungoti imafuna makompyuta okwera mtengo kwambiri. Ndipo ngakhale modelo yotere imafunika kuiyerekeza ndi mvula imene yagwadi. N'chifukwa chake ndikafunsidwa chimene tikusowa kwambiri, ndimatchula zoyezera mvula zambiri m'mapiri ndi anthu oziwerenga m'mawa uliwonse.