Msuku Wofulumira Kubereka

Lolemba

Lero ndasinja masamba a msuku m'kamtondo ka m'labu, ndathira mankhwala a CTAB, n'kuika timachubu m'madzi otentha madigiri 65. Ndimayembekeza DNA yoyera pansi pa kachubu, koma yatuluka yofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Mlangizi wanga anayang'ana n'kunena kuti, "Mwathyola masamba okhwima. Mawa mukatenge anthete, muwonjezere mankhwala a PVP." Utomoni umene umadetsa tsamba ukalitikita ndi womwewo umene umamatirira DNA. Zinandipweteka, chifukwa ndinagwira tsiku lonse.

Lachitatu

Ndayamba kumvetsa chimene tikufunafuna: chizindikiro cha jini yofulumizitsa msuku kubereka. Chizindikiro si jini yeniyeniyo ayi. Ndi kachidutswa ka DNA kokhala pafupi nayo, koyenda nayo limodzi kuchoka kwa kholo kupita kwa mbande. Timakachulukitsa ndi makina a PCR, n'kukaona ngati kamzere kowala pa jelo.

Msuku wofesedwa umatha zaka zoposa 10 usanabereke. Komanso ulipo wamphongo ndi waukazi, ndipo sungausiyanitse mpaka utachita maluwa. Agogo anasamala umodzi kuseri kwa khola zaka zonsezo, koma sunagwetse suku ngakhale limodzi. Ndikawerenga za ofufuza a ku Bunda amene anayesa njira ya AFLP pofuna kuzindikira msuku wamphongo ukadali mbande, ndimakumbukira mtengo umenewo.

Lachisanu

Ndalakwitsa kwambiri, ndipo ndikulemba kuti ndisadzaiwale. Pa mndandanda wa mitengo yofulumira kubereka ndinaikapo yomezanitsa. Ndinali nditawerenga kuti ku Makoka, kufupi ndi Zomba, a bungwe la ICRAF anamezanitsa misuku ndipo inabereka patangopita zaka zochepa, ndiye ndinkaganiza kuti majini ofulumira ali mmenemo. Mlangizi anandifunsa modekha kuti, "Kanthambi munamezanitsako kanachoka pa mtengo wa zaka zingati?" Ndinangoti kakasi. Kanthambiko n'kokalamba kale, n'chifukwa chake sikachedwa. Nthanga zake ukazifesa, kudikira kuli pomwepo.

Choncho tiyenera kuyerekeza mitengo yomera ku nthanga yokhayokha, ya msinkhu umodzi, ndipo pakhale munthu amene analemba chaka chimene uliwonse unayamba maluwa. Popanda kaundula ameneyo, timizere ta pa jelo sitingatiuze kanthu.

Loweruka

DNA ya masamba anthete yatuluka yoyera. Timizere taoneka pa zitsanzo 6 mwa 8. Lolemba ndikupita kumunda ndi penti ndi kope, kukalemba manambala pa makungwa ndi kufunsa eni minda kuti mtengo uliwonse unamera liti.