NKHOSWE YA MWANA WA SUKULU KU CILENDO

Kale kwathu kuno kum'mawa mnyamata sanali kupatsidwa mbeta cifukwa ca kukongola kwa nkhope kapena kuthwa kwa lilime. Anali kuyamba wagwira khasu m'munda mwa apongozi, namanga nkhokwe, nafolera nyumba, kuti eni mudzi aone ngati manja ake adziwa zimene pakamwa pake panena. Ndipo asanaligwire khasulo panali kufunika nkhoswe, munthu woti akaime pamaso pa eni mbumba ndi kunena kuti, "Mwanayu tim'dziwa ife." Masukulu akulu-akulu a makono sanautaye mwambo umenewu, anangousintha dzina. Ana athu amati atachimenti, Ajeremani amati Praktikum: miyezi ingapo imene wophunzira asiya mabuku nakagwira nchito m'fakitale, m'cipatala kapena mu ofesi, kuti zimene anamva m'kalasi zitsikire m'manja. Ndifuna kukamba nanu, owerenga, za m'mene cikamwini cimeneci cipezekera pamene wophunzirayo ali mlendo m'dziko la eni, pakuti makolo ambiri ayesa kuti mwana akangokwera ndeke ndiye kuti nkhondo yatha.

Ine ndinapita ku Germany mu 2021 kukaphunzira uinjiniya wa makina pa imodzi ya sukulu zimene kumeneko amati Hochschule. Lamulo la sukulu yathu linali lakuti temu yacisanu yonse, masabata 20, wophunzira aithere m'kampani, ndipo wopanda umboni wa masabata amenewa digiri sailandira, ngakhale akhoze mayeso onse. Sukulu simufunira munthu malo, afuna yekha. Mwana wa eni dziko akacedwa kuwapeza angotaya miyezi. Mlendo ataya zoposa miyezi, cifukwa citupa cake cokhalira m'dzikomo amacionjezera masiku pokha-pokha akaona kuti maphunziro ali kupita patsogolo ndi kuti ali nazo ndalama zodyera. Ambiri a ife ndalamazo timazitsekera m'banki, nizimatuluka pang'ono-pang'ono mwezi ndi mwezi. Mu 2023 zinali kufunika mayuro 11,208 pa caka, ndiko kuti 934 pa mwezi, ndipo mu Sepitembala 2024 zinakwera kufika 11,904. Zanga zoyamba zinacokera m'makola atatu a ng'ombe, la atate, la amalume ndi la alamu ao, kuonjezapo penshoni ya amai amene anali aphunzitsi. Temu imodzi yongokhala ikanatanthauza kubwereranso ku makola amene anali atatsala ndi ndowe zokha.

Malamulo a nchito kumeneko ali ndi mbali yokoma ndi yowawa. Wophunzira wocokera kunja kwa European Union anali kuloledwa kugwira ganyu masiku athunthu 120 pa caka, kapena a theka 240, ndipo kuyambira Malichi 2024 anakhala 140 kapena 280. Praktikum yolamulidwa ndi sukulu siiwerengedwa pa masiku amenewa. Komatu walira mvula walira matope. Dzikolo liri ndi lamulo la malipiro ocepetsetsa, limene linayamba mu 2015 ndi mayuro 8.50 pa ola ndipo mu 2023 linali pa mayuro 12, koma lamuloli silikhudza Praktikum yolamulidwa ndi sukulu. Kampani ikhoza kulipira bwino, ikhoza kupereka ya sopo cabe, ikhozanso kusapereka kanthu, osalakwira Boma. Amene agona kwa amake angathe kuvomera nchito yopanda malipiro. Amene alipira lendi sangathe. Vutoli siliri ku Germany kokha. Mu 2015 mnyamata wa ku New Zealand, David Hyde, anamveka m'manyuzipepala a dziko lonse lapansi pamene anapezeka ali kugona m'hema m'mbali mwa nyanja ku Geneva, uku ali kuphunzira nchito kwaulere m'maofesi a United Nations. Ngati wa ku New Zealand anagona m'hema, nanga wa ku Katete akagona kuti?

Kuyambira Malichi mpaka Juni 2023 ndinalemba makalata 43. Kupempha nchito kwa Ajeremani kuli ndi mwambo wake: kalata ya tsamba limodzi yonena cifukwa cimene wafunira kampani imeneyo, mbiri ya moyo wako yondandalika caka ndi caka popanda mpata wosalongosoka, ndi mapepala onse a sukulu. Ambiri aikaponso cithunzi, ngakhale palibe lamulo lokakamiza. Mayankho amene anabwera anali aulemu ndithu, ndipo anali kufanana ngati mazira a nkhuku imodzi: tathokoza, opempha anali ambiri, tikufunirani mafuno abwino. Theka la makampaniwo sanayankhe konse. Awiri anandiitana, ndipo kumodzi nkhani inathera pa cinenero. Maphunziro athu ambiri anali m'Cingelezi, Cijeremani ndinali nditaciphunzira ndithu, koma Cijeremani ca m'buku ndi ca m'fakitale zisiyana monga Cinyanja ca m'Baibulo cisiyana ndi ca pa msika wa Soweto mu Lusaka. Kapitao akafuula kuti zimitsa makina, palibe nthawi yotsegula buku la matanthauzo a mau.

Pali cinthu cina cimene ophunzira acilendo anong'onezana usiku m'makhichini a nyumba zao zogona, ndico dzina. Munthu sangadziwe ngati kalata yake yakanidwa cifukwa ca dzina, ndipo ine sindinamizira munthu. Koma nkhaniyi inayesedwapo. Akatswiri awiri a pa yunivesite ya Konstanz, Leo Kaas ndi Christian Manger, anatumiza makalata oposa 1,000 opempha malo a Praktikum, ofanana m'zonse koma maina: ena a Cijeremani, ena a anthu a ku Turkey. Zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa mu 2010, zinaonetsa kuti dzina la Cijeremani linakulitsa mwai woitanidwa ndi 14 peresenti, ndipo m'makampani ang'ono ndi 24 peresenti. Cimene cinandigwira mtima ine ndi mbali yaciwiri ya zimene anapeza. Pamene makalatawo anatsagana ndi umboni wa munthu amene anagwirapo nchito ndi wopemphayo, wonena za khalidwe lake, kusiyana kuja kunatha. Ndiko kunena kuti mwini kampani saopa dzina kweni-kweni, aopa munthu amene palibe wom'dziwa. Agogo athu akanamva zimenezi akanaseka, cifukwa anazidziwa kale popanda yunivesite.

Tsono nkhoswe aipeza kuti munthu amene alibe mbale m'dziko lonselo? Yanga inali pafupi, m'cipinda ca pansi pa sukulu yathu, m'mene munali makina osulira zitsulo. Woyang'anira cipindaco anali bambo wacikulire, mmisiri wa udindo umene iwo amati Meister, wosalankhula-lankhula, wa zala zonga mizu ya mtengo. Kuyambira caka canga caciwiri ndinali kugwira ganyu ya maola ocepa pa sabata m'menemo, kusesa zinyenyeswa za citsulo, kuthira mafuta ndi kubweza zida m'malo mwake. Ganyu za pa sukulu zotere nazonso siziwerengedwa pa masiku aja, ndipo ndinaitenga cifukwa ca mimba, osati cifukwa ca nzeru zakuya. Anzanga anali kuthamangira maprofesa, amene aona nkhope mazana pa sabata. Bambo uja anali kuona manja anga okha, caka cathunthu.

Tsiku lina m'mwezi wa Julaye anandifunsa kumene ndidzapita temu ikudzayo. Ndinati, "Bambo, sindinapeze malo." Anafunsa makalata amene ndinalemba, ndipo nditachula nambala anapukusa mutu. Sananene kanthu kena. Anapukuta manja, natenga lamya, naimbira munthu amene anaphunzira naye umisiri ali anyamata, mwini fakitale ya mapampu a madzi m'katauni kena kamene sindinali nditakamvapo. Ndinaima pomwepo ndi tsache m'manja. Za magiredi anga sanachuleko. Anati ali ndi mnyamata wofika pa nthawi yake, wosasiya sipanala pansi, ndi wofunsa akapanda kudziwa. Anaonjeza kuti Cijeremani cake n'copunduka koma makutu ake ndi amoyo. Kukambirana konseko sikunathe mphindi zisanu, ndipo kunacita zimene makalata 43 analephera.

Wophunzira ali yense, wa ku India, wa ku China kapena wa ku Cameroon, afika ku Germany adziwa kale maina a Bosch, Siemens ndi BMW, ndipo makalata aunjikana kumeneko ngati cimanga pa depoti. Koma makampani oposa 99 mwa 100 ali onse m'dzikolo ndi ang'ono ndi apakati, ambiri a iwo a banja limodzi, obisika m'matauni a kumidzi. M'kampani yaikuru kalata ipyola m'manja mwa makalaliki otsata malamulo olembedwa. M'yaing'ono mwini wake asankha ndi mtima, ndipo ine ndiyesa n'cifukwa cake tsankho likula kumeneko pamene ali kuona pepala lokha; komanso mtima womwewo ndiwo umamva liu la bwenzi pa lamya. Khomo limene liri lolimba kwa kalata ndi lomwelo limene liri lofewa kwa nkhoswe.

Fakitaleyo inali ndi anchito osafika 60. Anandilipira mayuro 700 pa mwezi, nandipezera cipinda kwa mai wina wamasiye. Masabata oyamba sanandilole kukhudza kompyuta. Ndinali kumasula mapampu obwezedwa ndi makasitomala, kufuna cimene cinawapha: mcenga wodya mapiko a m'kati, mphira youma, beringi yopsa. Ndinakumbuka zitsime za kwathu zimene zinaima zaka cifukwa ca kamphira kosafika pa mtengo wa nkhuku, ndipo ndinayamba kulemba m'kabuku kanga zonse zimene zipha pampu. Pambuyo pake anandipatsa nchito yoyesa pampu yatsopano yoyendera mphamvu ya dzuwa. Ndinali munthu wakuda yekha m'katauniko, ndipo Lamulungu linali lalitali, pakuti masitolo onse atseka ndipo m'miseu mungomveka mabelu a chalichi. Cinanditonthoza n'cakuti Ajeremani nao ali ndi "inu" ndi "iwe" monga ife, Sie ndi du, ndipo wamkulu ndiye apereka cilolezo cosinthira. Kapitao wanga, munthu wa msinkhu wa atate, atandiuza m'mwezi wacitatu kuti tiyambe kuitanana "iwe", anzanga anati ndalandira ulemu waukuru. Lilime langa linakana. Ndinam'longosolera kuti kwathu mwana wonena "iwe" kwa mkulu sanaleredwe, ndipo iye anaseka nati tipangane: iye adziti "iwe", ine ndidziti "inu". Tinatero mpaka tsiku lotsiriza.

Apa ndiyenera kucenjeza makolo, pakuti kumene kufunika nkhoswe kumabukanso nkhoswe zabodza. M'mafoni a ana athu mwadzaza zilengezo za anthu olonjeza malo ophunzirira nchito kunja, tikiti ya ndeke yaulere ndi malipiro okoma. Mu Okutobala 2024 atolankhani a Associated Press anaulula kuti atsikana a mu Africa pafupi-fupi 200, a zaka 18 mpaka 22, anakopedwa ndi malonjezo a kuphunzira ndi kugwira nchito ku Alabuga, m'cigawo ca Tatarstan ku Russia, koma anakapezeka ali kupanga ndeke zopanda oyendetsa zoponyera mabomba ku Ukraine. Cikome-kome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Nkhoswe yoona ndi munthu amene wakuona ukugwira nchito, ndipo dzina lake lomwe liipa iwe ukalakwa. Amene sanakuonepo, nafuna ndalama kapena pasipoti yako poyamba, ndi wamalonda.

Cikamwini ca ku Germany cimathera pa kalata ya umboni imene amati Zeugnis, ndipo munthu aisunga moyo wake wonse. Makhoti a kumeneko anagamula kale kuti kalata yotere inene zoona koma mokoma mtima, motero mabwana anapanga cinenero cao ca mikuluwiko. Akalemba kuti munthu "anayesetsa", ndiye kuti analephera. Akalemba kuti anagwira nchito "mokhutiritsa", ndiye kuti anangopulumuka. Wabwino amulembera kuti anakhutiritsa "mokwanira nthawi zonse", ndipo wopambana onse amulembera "mokwaniratu". Mlendo wosadziwa angathe kuvina ndi kalata yom'nyoza m'manja.

Yanga ndinaitenga mu Febuluwale 2024, ndipo ndinapita nayo ku cipinda ca pansi cija ndisanaionetse munthu wina. Bambo uja anavala mandala, nayendetsa cala pa mizere ngati munthu wofuna nsabwe m'msoko wa malaya. Anapeza "nthawi zonse", napezanso "mokwanira". Anati, "Mau otsiriza aja sanakupatseni, koma musadandaule. Mnzangayo sanapatsepo munthu ciyambire, ngakhale mwana wake wobala yekha." Anandibwezera kalatayo, naloza ndi cibwano mtsikana wa ku Cameroon amene anali atatenga tsache langa, nandifunsa ngati cipinda ca mai wamasiye uja cidzakhala copanda munthu m'mwezi wa Sepitembala.